Mwana wa Pakhomo Pamene Nchito Yatha

Mabuku a ubatizo a Misyoni ya Lifidzi amalemba dzina la mwana, la bambo wake, la mai wake, la mudzi wake ndi la makolo ake a ubatizo. Salemba kumene bambo wa mwanayo anali pa tsiku la ubatizo. Akadamalemba, masamba ambiri akadatchula Salisbury, Bulawayo, Wankie, Beira, Moatize ndi Johannesburg, pakuti mbiri ya zaka zana za akhristu a ku Angónia ndi mbirinso ya amuna opita kunchito ndi kubwerako, ena ndi katundu pamutu, ena chimanjamanja. Za amunawa anthu asimba zambiri. Za mwana wotsala pakhomo, amene ankadikira malaya ndi ndalama za sukulu mpaka kumva kuti nchito ya bambo yatha, sizisimbidwa kawiri-kawiri. Mutu uno ulongosola za mwana ameneyo, ndi m'mene Eklezia anayesera kumgwira dzanja kuyambira 1909 mpaka 2009.

Msonkho ndi ulendo

Ansembe Achiyezuiti anatsekula Misyoni ya Francisko Saveri Woyera ku Lifidzi m'chaka cha 1909. Sanakhalitse ai. Pa 5 Okutobala 1910 ufumu unagwa ku Portugal, ndipo boma latsopano linapirikitsa Ayezuiti m'maiko ake onse. Misyoni za ku Zambezi zinaperekedwa kwa ansembe a ku Germany a chipani cha Verbo Divino, koma iwonso anachotsedwa mu 1916, pamene Portugal ndi Germany anayambana nkhondo. Motero kuyambira pachiyambi penipeni akhristu a dziko lino anazolowera kuti wansembe angathe kuchoka, koma mphunzitsi wa m'mudzi amatsala.

M'zaka zomwezo anthu a ku Angónia, Angoni ndi Achewa, anali ndi chimanga, nyemba ndi ng'ombe, koma analibe ndalama, ndipo boma la Apwitikizi linkafuna msonkho wa ndalama. Wolephera kukhoma ankakumana ndi mbalamatodya kapena kugwidwa chibalo. Njira yopulumukira inali ulendo. M'chaka cha 1913 boma la Apwitikizi linapangana ndi la Southern Rhodesia kuti anthu a chigawo cha Tete azilembedwa nchito kumeneko, ndipo kuwonjezera pa olembedwawo, ambiri ankangonyamuka okha usiku, kuwoloka Zambezi, kunka ku minda ya fodya ndi ku migodi. Ena ankabwerako patapita chaka chimodzi kapena ziwiri. Ena sanabwerenso, ndipo ndiwo amene anthu anawatcha machona.

Ndalama ya kunchito itazolowereka, banja linayamba kutsamira pa chinthu chimene silinkatha kuchilamulira. Mtengo wa fodya unagwa ku Rhodesia mu 1928, ndipo chaka chotsatira, 1929, kunayamba mavuto a chuma a dziko lonse lapansi. Eni minda ndi eni migodi anachepetsa anchito ndi malipiro omwe, koma wokhometsa msonkho sanaleke kufika pamudzi. Mabanja ambiri anaona mwamuna wamphamvu zake, wosadwala, wosalakwa kanthu, atakhala pakhonde wopanda chochita.

Zimene mwana amaona

Akulu amati nkhani ya nchito ndi ya akulu okha, ndipo amainong'ona ana atagona. Koma mwana amaona. Amaona kuti ndiwo zatha mchere, kuti sopo wasowa, kuti mbuzi imene ankaidyetsa yagulitsidwa. Amamva mau a bambo ndi mai akukwera usiku. Popeza palibe womuuza chimene chachitika, amadzipangira yekha yankho, ndipo kawiri-kawiri yankho lake ndi lakuti iye ndiye wolakwa, chifukwa anapempha kope kapena anang'amba malaya.

Kenaka amasowa. Poyamba ajomba tsiku limodzi ku katekisimu chifukwa malaya ake ang'ambika ndipo akuchita manyazi. Sabata linalo atumidwa kukagwira ganyu pamodzi ndi mai wake. Mnyamata aperekedwa kwa mwini ng'ombe kuti akhale mbusa, ndipo malipiro ake apita kwa makolo. Mtsikana atumizidwa kutauni kukalera mwana wa eni, kapena akulu ayamba kukamba za ukwati wake msinkhu usanakwane, kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi. Zimenezi sizinasinthe kwenikweni m'zaka zana zonsezi. Chimene chinkasintha ndi dzina la malo amene nchito yathera.

Mwambo wa makolo unali nazo njira zake zotchinjirizira mwana. Pakati pa Achewa malume ndiye mwini mbumba, ndipo mwana wa mlongo wake sangagone ndi njala iye ali ndi nkhokwe. Pakati pa Angoni abale a bambo ndiwo ankasenza udindowo. Eklezia sanabwere kudzachotsa zimenezi. Anawonjezerapo ubale wina, wa ubatizo, umene unapatsa mwana bambo kapena mai wachiwiri wolonjeza pamaso pa mpingo kuti adzamsamala. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Nthawi ya sukulu za misyoni

M'chaka cha 1940 boma la Portugal linachita chipangano ndi Likulu la Eklezia ku Roma, ndipo lamulo la 1941 linapereka maphunziro oyamba a ana achikuda m'manja mwa misyoni zachikatolika. Chaka chomwecho cha 1941 Ayezuiti anabwerera ku Lifidzi. Mu 1945 anatsekula Misyoni ya Fonte Boa, ndipo mu 1962 Tete inakhala dayosizi payokha. M'midzi munamangidwa timasukulu timene pa Mulungu tinkasanduka matchalitchi, ndipo munthu mmodzi yemweyo ndiye anali mphunzitsi wa sukulu ndi wa katekisimu.

Mbiri yoona siyenera kubisa zofooka za nthawi imeneyo. Maphunziro anali ochepa ndipo anali m'Chipwitikizi, chinenero chimene mwana sankachimva kwao. Ana ankalima minda ya sukulu ndi ya misyoni, ndipo makolo ena ankadandaula kuti khasu lachuluka kuposa choko. Amene anapitirira makalasi oyamba anali owerengeka. Komabe kwa mwana wa pakhomo pamene nchito yatha, sukuluyo inali ndi chinthu chimodzi chamtengo wapatali: munali munthu wamkulu amene ankaitana dzina lake m'mawa uliwonse, ndipo akapanda kuyankha ankadziwa khomo lake. Mphunzitsi wa m'mudzi ankakhala pakati pa anthu, ankatunga pachitsime chimodzi ndi iwo, ndipo ankadziwa amene wabwera ku Halale ndi njinga ndi amene wabwera usiku osafuna kuonedwa. Nyumba zogonera ana pa misyoni, zimene ansembe, abulazala ndi asisiteri ankayang'anira, zinalinso pothawira pa ana ena amene kwao kunalibe chakudya chokwanira.

Chisamaliro chimenechi chinayesedwanso kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Boma la Southern Rhodesia, poona kuti malova achuluka m'matauni, linakhazikitsa lamulo mu 1958 loletsa anthu ochokera kunja kwa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kufuna nchito m'mizinda yaikulu. Lamuloli linagwera makamaka anthu a ku Mozambique. Amene anazolowera nchito za m'nyumba ndi za m'mafakitale anakankhidwira ku minda, kumene malipiro anali otsika, kapena anabwerera kumudzi. Pambuyo pake damu la Cahora Bassa, limene linayamba kumangidwa mu 1969, linalemba anthu zikwi zingapo, koma litatha mu 1974 ambiri a iwo nchito inawathera.

Pamene nyumba zinalandidwa

Dziko linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, ndipo anthu anakondwa kwakukulu. Patangopita mwezi umodzi, pa 24 Julayi, boma linatenga masukulu ndi zipatala zonse, za misyoni zomwe. Amishonale ambiri anachoka. Eni masitolo, minda ndi magalimoto Achipwitikizi anachokanso, ndipo anchito ao anatsala padzuwa. Pa 3 Malichi 1976 boma linatseka malire ndi Rhodesia pothandiza nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe, ndipo njira yakale ya ku Halale inatsekeka, pamodzi ndi nchito zambiri za njanji ndi za doko la Beira. Ku South Africa migodi inachepetsa anthu a ku Mozambique: mu 1975 analembedwa oposa 100,000, koma pofika 1977 anatsala pafupi-fupi 40,000. Ambiri a iwo anali a zigawo za kumwera, koma kusowa kwa ndalama zao kunamveka m'dziko lonse.

Tsono pa nthawi imene mabanja ankasowa kwambiri chithandizo, Eklezia anali atatsala wopanda sukulu, wopanda nyumba zogonera ana, wopanda chipatala, ndipo ansembe anali ochepa. Munthu akadaganiza kuti chisamaliro cha ana chathera pomwepo. Koma mu Seputembala 1977 maepiskopi, ansembe, asisiteri ndi akhristu eni ake anasonkhana ku Beira pa Msonkhano Woyamba wa Zaubusa wa dziko lonse, nagwirizana kuti Eklezia wa ku Mozambique akhale wa miphakati yaing'ono-ing'ono, m'mene akhristu eni ake agawana mautumiki: wotsogolera mapemphero, wophunzitsa katekisimu, woyendera odwala, woyang'anira maliro, wolangiza mabanja ndi woyang'anira zachifundo. Mu Dayosizi ya Tete maganizo amenewa anakhazikika m'nthawi ya Ambuye Paulo Mandlate, amene anali episkopi kuyambira 1976 mpaka 2009.

Apa ndi pamene panaoneka poyera chimene chinkasunga mwana kuyambira kale. Sizinali njerwa kapena malata ai. Anali munthu wodziwa dzina la mwanayo ndi khomo lake. Mphakati unalibe ndalama, koma unali ndi maso ambiri. Mai wophunzitsa katekisimu pansi pa mtengo ankatha kuona mwana amene wayamba kuwodzera chifukwa cha njala, ndipo utumiki wa zachifundo unkatha kusonkha mbale ya ufa khomo ndi khomo. Chithandizo chotere chinali chochepa, koma chinkafika msanga, ndipo chinkachokera kwa anthu amene mawa lake akadatha kuchifunanso iwo eni. Chifukwa chake wolandira sankachita manyazi kwambiri.

Nkhondo ndi kuthawa

Zaka za m'ma 1980 zinali zowawa koposa. Mu 1983 boma linayamba kugwira anthu a m'mizinda amene analibe chikalata cha nchito ndi kuwatumiza ku Niassa ndi ku Cabo Delgado, ndipo ana ambiri anatsala osadziwa kumene bambo kapena mai wao wapita. Nkhondo inadula njanji ya ku Sena, malasha a ku Moatize analephera kufika ku Beira, ndipo nchito ya mgodi inazilala. Munda waukulu wa boma wa ku Angónia, wotchedwa CAIA, umene unkalemba anthu ambiri, unagwa m'zaka zomwezo. Pamapeto pake ngakhale munda wa pakhomo, umene ndi nchito ya munthu wosalembedwa nchito, unasiyidwa. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri Achiyezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia komwe kuno, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira, anatengedwa ku Chapotera, pafupi ndi Lifidzi, naphedwa.

Kuyambira 1986 midzi yathunthu inawolokera ku Malawi, makamaka m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, kumene malire ake ndi msewu chabe ndipo anthu a mbali zonse ziwiri ndi a chinenero chimodzi. Pofika 1992 othawa nkhondo a ku Mozambique m'dziko la Malawi anaposa 1,000,000. Kumeneko bambo aliyense anali lova. Mwamuna amene kwao anali ndi khola la ng'ombe ndi munda wa mbatata ya kachewere ankaima pamzere ndi khadi kudikira ufa ndi nandolo, ana ake akumuona. Mabungwe a maiko anapereka chakudya, ndipo bungwe la Ayezuiti lothandiza othawa kwao, limene Bambo Pedro Arrupe anayambitsa mu 1980, linathandiza pa maphunziro. Koma chimene akhristu ananyamula pamutu pothawa, pamodzi ndi mphasa ndi mapoto, unali mphakati wao. Akatekisita anasonkhanitsanso ana, nawaphunzitsa mapemphero ndi nyimbo zomwe zija za kwao. Kwa mwana amene wataya nyumba, sukulu ndi anzake, kumva belu la chitsulo pa ola lake lomwe lija ndi kupeza mphunzitsi yemwe uja kunali umboni wakuti dziko silinathe.

Mtendere wopanda nchito

Papa Yohane Paulo Wachiwiri anayendera Mozambique mu Seputembala 1988 napempha mtendere. Chipangano cha mtendere chinasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndi chithandizo cha gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira. Anthu anabwerera, napeza minda itamera tchire. Asilikali oposa 90,000 a mbali zonse ziwiri anatula zida pofika 1994, ambiri osadziwa nchito ina iliyonse. Ndondomeko yatsopano ya chuma imene inayamba mu 1987 inafikitsa pa kugulitsidwa kwa makampani a boma, ndipo anchito ambiri anachotsedwa.

Mphepo inaombanso kuchokera kunja. Kuyambira 2000 minda yaikulu ya ku Zimbabwe inalandidwa, ndipo anchito ake, amene ambiri anali zidzukulu za machona a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia, anataya nchito, nyumba ndi sukulu ya ana pa tsiku limodzi. Mu Meyi 2008 ku South Africa kunabuka chiwawa chopirikitsa alendo, anthu oposa 60 anaphedwa, ndipo zikwi zambiri za anthu a ku Mozambique zinabwerera kwao opanda kanthu. Mwana wobwera motere amafika m'dziko la agogo ake ngati mlendo. Sadziwa Chipwitikizi, mwina alibe ndi chikalata chobadwira chomwe, ndipo anzake amaseka kalankhulidwe kake. Boma linachotsa ndalama za sukulu ya pulaimale kuyambira 2005, ndipo chimenechi chinapeputsa katundu, koma kope, cholembera ndi malaya zimagulidwabe, ndipo mimba ya njala simva phunziro.

Chimene zaka zana zaphunzitsa

Eklezia sanakhale chete pa nkhani ya nchito. Papa Leo wa 13 analemba kalata ya Rerum Novarum mu 1891 poteteza anchito ndi mabanja ao, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata ya Laborem Exercens ya 1981, anaphunzitsa kuti ulova ndi choipa nthawi zonse ndipo kuti osowa nchito ndi mabanja ao ayenera kuthandizidwa. Mu Mthenga wa Mateyo, mutu 20, Ambuye asimba za anthu amene anaima pamsika mpaka madzulo, osati chifukwa cha ulesi koma chifukwa panalibe wowalemba, ndipo mwini munda anawapatsa malipiro a tsiku lathunthu. Parokia singatsekule mgodi kapena kukweza mtengo wa fodya. Koma mbiri yake ikusonyeza zinthu zingapo zimene ili nazo mphamvu.

Choyamba ndi kuitana maina. Katekisita amene alemba ana ake ndi kufunsa za amene wajomba kawiri amadziwa za vuto msanga kuposa ofesi ina iliyonse. Ulendo wake wa ku khomo la mwanayo usakhale wokadzudzula, koma wokacheza, monga mnansi.

Chachiwiri ndi kusunga ulemu wa makolo. Bambo wochotsedwa nchito wataya kale zambiri, ndipo sayenera kutayanso ulemu pamaso pa mwana wake. Ufa kapena kope ziperekedwe kwa makolo mwakachetechete, kuti mwana azilandire kuchokera m'manja mwao. Dzina la banja lisalengezedwe m'tchalitchi, ndipo munthu wosowa nchito apatsidwe udindo mu mphakati, pakuti manja ake ndi nzeru zake sizinathe.

Chachitatu ndi kuchotsa zopunthwitsa zimene mpingo womwe umaika mosazindikira. Mwana asabwezedwe pa Ukaristia woyamba kapena pa Ulimbitso chifukwa alibe chovala choyera, nsapato kapena chopereka, ndipo asalangidwe chifukwa makolo ake alephera mtulo wa mpingo. Kumene amai a mpingo asunga zovala zobwereketsa ndi kuphika phala la ana onse osasankha, mwana wosauka sadziwika pakati pa anzake.

Chachinai ndi kumuuza mwana zoona, m'mau a msinkhu wake: kuti nchito yatha, kuti si iye wolakwa, kuti bambo wake si munthu wachabe, ndipo kuti pali anthu amene sadzawasiya okha. Mwana aloledwe kufunsa, kulira ndi kupempherera makolo ake mokweza. Asalonjezedwe kuti nchito ipezeka mawa, pakuti lonjezo losakwaniritsidwa limaononga chikhulupiriro chake mwa akulu ndi mwa Mulungu yemwe.

Chachisanu ndi kuima pakati pamene akulu ayamba kukamba zomchotsa mwana sukulu, zompereka kuubusa kapena zomkwatitsa. Apa alangizi a mabanja, makolo a ubatizo ndi malume ayenera kukhala pansi pamodzi ndi makolo, kufunafuna njira ina. Njala ya chaka chimodzi imatha, koma mtsikana wokwatiwa ali wamng'ono sabwereranso m'kalasi.

Chotsiriza ndi ana eni ake. Mu 1843 Ambuye Charles de Forbin-Janson, episkopi wa ku Nancy m'dziko la France, anayambitsa bungwe limene kuno limadziwika ndi dzina la Infância Missionária, ndipo Papa Pio wa 11 analiika pansi pa ulamuliro wa Apapa mu 1922. Maziko ake ndi akuti ana angathe kuthandiza ana anzao ndi pemphero ndi kachopereka kochepa. Mwana amene adutsira mnzake popita ku katekisimu, namgawira chimanga chokazinga, namletsa wina kumseka, wachita chimene wamkulu sangathe. Ndipo mwana wa lova nayenso apatsidwe mpata wopereka, woimba ndi wotumikira pa guwa, kuti asadzione ngati wolandira chabe.

Migodi yatsekulidwa ndi kutsekedwa, malire atsekedwa ndi kutsekulidwa, maboma asintha, ndipo nyumba za misyoni zinalandidwapo. Nchito zidzathabe, pakuti palibe mbadwo wa ku Angónia umene sunazione. Ambiri a akulu amene anakhala pa mipando ya patsogolo pa chikondwerero cha zaka zana anali ana a makomo otere, ndipo akafunsidwa chimene chinawasunga, sangatchule nyumba. Angatchule mphunzitsi amene anabwera kudzafunsa chifukwa chimene anajombera, kapena mai wa ubatizo amene anawasokera malaya. Maina a anthu amenewa sali pa mwala uliwonse, koma ana amene anawasunga ali m'mabuku a ubatizo, ndipo pambuyo pake akupezekanso m'mabuku a Ulimbitso ndi a ukwati. Akhristu a parokia ino awakumbukire pa Nsembe ya Misa, ndipo pa Mulungu likudzali, ana akasonkhana, wina aitane maina.